Chigwembe cha Redson

Mukamachoka pamsika wa Tsangano kutsetserekera kumunsi, musanafike pachigayo, kudzanja lamanja kuli chigwembe chakuya, choti ng'ombe itagweramo mungaone nyanga zokha. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu malowo ankatchedwa pa Chigwembe cha Redson, ndipo aulesi pakamwa ankangoti pa Redson. Wakabaza akafunsa kuti akutsitseni pati, pa Redson. Amayi ogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu, pa Redson. Mbuzi ikasowa, kaisuzumireni mwa Redson. Mlendo ankayesa kuti Redsonyo ndi munthu wotchuka, mwina adamangitsa mlatho. Mlatho wake uti? Mwini dzina akamva, mano ankachita kukukutika okha.

A Redson Ngozo ndi okonza njinga, kashedi kawo kali pansi pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa msika. Adabadwa ndi diso lakumanzere losamvera: akamalankhula nanu, diso lina lili pa inu, linalo likuwerenga nkhuku za eni. Sukulu adalekezera Sitandade 5, osati chifukwa cha umbuli ayi, koma aphunzitsi ankawakwapula nthawi iliyonse ya mayeso kuti akuonera kwa mnzawo, chonsecho munthu akuyang'ana pepala lake lomwe. Atatopa ndi zikoti adapita kwa amalume awo kukaphunzira kumata machubu ndi kumanga masipoko. Kumeneko ndi kumene kudadziwika chodabwitsa. Akatsinzina diso labwinolo n'kusiya lopulupudzalo, palibe limu yokhota imene inkawabisalira. Koma izi ankazidziwa ndi amalume okha, ndi njinga.

Chaka cha 1995, matipate akadali otentha, aliyense akulankhula zakukhosi, Redson naye adalankhula zake: adafunsira Lufina, mwana wa a Nzunga. Lufina sadakane. Koma a Nzunga sadali munthu wopereka mwana chifukwa choti mnyamata ali ndi sipanala. Adamulozera munda wawo wa pamtsetse, pomwe pali chigwembe leropo. Nthawi imeneyo padalibe ngakhale kangalande. Alangizi a zaulimi adali atabwera Loweruka ndi chingwe ndi kalevulo kawo, n'kukhoma zikhomo mopingasa phiri, kuti mizere ikatsata zikhomozo madzi a mvula aziima m'malo mothamanga.

"Kweza akalozera motsata zikhomo izi, mizere yonse itsatire pamenepo," adatero a Nzunga. "Ukamaliza tikambirana."

Lolemba m'mawa Redson adafika ndi khasu. Atatsinzina diso lija, adaona kuti zikhomo zikutsikira pakati pa munda ngati msana wa bulu wokalamba. Adaonanso timaenje topanda kanthu chakumtunda kwa zikhomo zapakatizo, ndipo pambali pake padali phazi la jombo yokhala ndi chigamba chozungulira pachidendene. Chigambacho adachidziwa, poti adamata yekha ndi chubu cha njinga sabata yomweyo. Jomboyo idali ya Silvester, mlongo wake wa Lufina.

Apa ndi pamene Redson adadzipweteka yekha. Adati mumtima, alangizi adaphunzira ku koleji, ali ndi levulo. Silvester mwina amawathandiza kukonza polakwika. Ine ndi diso langali ndingatsutse ndani? Adatsata zikhomo. Milungu itatu akukhetsa thukuta, mizere yake yosalala ngati yozira.

Mvula yamphamvu idagwa kumayambiriro kwa Disembala. Madzi onse a m'munda adathamangira pakati, adaunjikana ngati anthu pamsonkhano wa chipani, n'kuboola. Mbewu ya kachewere, feteleza, dothi, zonse zidakapezeka kumtsinje. Mudzi wonse udabwera kudzaona. A Nzunga adangogwira pakamwa. Amene adalankhula ndi Silvester.

"Musamukalipire, bambo. Iyeyu walima bwino. Kungoti diso lina limalima kuno, lina limalima ku Mozambiki."

Anthu adaseka mpaka ena kukhala pansi. Redson adayamba kunena za timaenje ndi jombo, koma mvula idali itafufuta zonse, ndipo mayi wina adafunsa kuti, "Timaenjeto udationa ndi diso liti?" Kuseka kudayambiranso.

Ukwati udathera pomwepo. Pasanathe miyezi inayi Lufina adakwatiwa ndi Julius wa lole, ndipo Silvester adakwera lole yomweyo ngati wothandiza dalaivala, ulendo umene udakamufikitsa ku Joni. Apo ndiye Redson adamvetsa chimene zikhomo zidayendera Lamulungu, anthu onse ali kutchalitchi. Adatsikira m'munda muja, adazula zikhomo zitatu zimene madzi adazisiya, n'kukazisomeka kudenga la khitchini. Chigwembe chidanka chikula chaka ndi chaka, dzina lake likukula nacho.

Patapita zaka ziwiri Redson adakwatira Emma wa ku Kandeu, mkazi wosaopa diso, ndipo adabereka ana asanu, onse maso olunjika ngati nyali za galimoto. Njinga za kachewere za dera lonse zidadutsa m'manja mwawo, mpaka zina zochokera kutsidya kwa malire. Kutchalitchi sankajomba. Koma mukaona munthu akupemphera ali chitsinzinire nthawi yaitali kuposa abusa, musafulumire kumutcha woyera mtima. A Redson ankapempha chinthu chimodzi chokha: Ambuye, Silvester musamutenge msanga, ndipo musamulange Inu. Mundisiyire.

Khirisimasi iliyonse Silvester ankabwera atavala jekete lachikopa, n'kuima pashedi. "Alamu olephera! Mizere ikuwongoka?"

"Tikuyesera, aNzunga," ankayankha a Redson, uku akumanga nati mpaka bauti kuduka. Emma ankadziwira mabauti oduka kuti Silvester ali m'mudzi.

Chaka cha 2023 a Silvester adabwerera kwathunthu, mimba patsogolo, bondo lakumanja litafa, ndi katoni imene ankainyamula ngati khanda. M'katonimo mudali mota, batire ndi mawaya, zosandutsira njinga wamba kukhala yamagetsi. Mota yake ndi ija amaimanga pakati, pamapedulo, kuti izikoka tcheni m'malo mwa miyendo ya munthu. Kwa a Redson sadapiteko, ati zamagetsi si za pansi pa mtengo. Adatengera njinga ya malemu bambo awo kwa makaniko wa ku boma, ndipo idabwerako ikuyenda yokha, mwakachetechete ngati mfiti. Lamulungu lotsatira adaimirira m'tchalitchi nthawi ya zolengeza n'kunena kuti pa ukwati wa mwana wawo Tisunge sipafunika galimoto. Mkwatibwi adzamukweza okha pa njinga yamagetsi, kuchokera kunyumba, kukwera chitunda chonse cha pa Redson, mpaka pakhomo la tchalitchi.

Pamalo athyathyathya njingayo inkauluka. Koma ikangonunkhiza chitunda, mota n'kukoka mwamphamvu, khwaa! tcheni pansi. Mota n'kumalira yokha, gudumu lili phee, a Silvester akupalasa mphepo ndi bondo limodzi. Adagula tcheni chatsopano: khwaa! Adasintha fuliwilo: khwaa! Makaniko wa ku boma adati vuto ndi misewu yathu. Wa ku Lizulu adati batire lachuluka mphamvu, alipungule. Wina adati aitengere kwa abusa. Lachinayi, ukwati utatsala masiku awiri, a Silvester adatulukira pa mtengo wa mapichesi akukankha, manja ali bii ndi gilisi.

"Achimwene, mwaswera bwanji?" Tsiku limenelo za alamu olephera padalibe.

"Taswera, aNzunga. Nanga yamagetsi ija mukuyendetsa ndi manja? Magetsi azima?"

"Musaseke, akulu. Tcheni chikungogwa. Taonaniko."

A Redson adagwada kumbuyo kwa njinga n'kutsinzina diso labwino. Sipadapite nthawi yoti munthu ameze malovu, adali ataona kale. Njinga za kachewere kuno zili ndi mbiri imodzi. Kuti zizinyamula matumba atatu, eni ake amaikamo gudumu la habu yonenepa ndi masipoko a njinga yamoto. Habuyo ikakana kulowa, amagoneka njinga pansi, kuponda mwendo umodzi wa felemu, winawo n'kuukanula ndi munsi. Umakanuka ndi mwendo umodzi wokha, gudumu lonse n'kusamukira mbali imodzi. Pa njinga iyi lidasamukira kumanzere. Tsono mota ya ku Joni nayo idakankhira chimbale cha mano chakutsogolo kumanja. Tcheni chinkayenda mopingasa, mano akutsogolo ndi akumbuyo atasemphana ndi zala ziwiri. Miyendo ya munthu imapirira zotere, imakoka mwaulemu. Mota ilibe ulemu.

Mtima wa a Redson udayamba kuvina ngoma. Adadzuka pang'onopang'ono n'kupukuta manja oyera kale.

"Ikonzeka?" adafunsa a Silvester.

"Ikonzeka. Ola limodzi."

"Ambuye alemekezeke! Yambani, akulu. Foni iyi ya ku Joni ndikusiyirani, jeketeli mutengenso."

"Jekete lanu lindikulira pamimba. Ndipo pano sindingakonzerepo, malo ano ndi opendekeka. Ndikakonzera pachigwembe, mawa masana, anthu ali pamsewu. Ndisanagwire sipanala, inu muima pamwamba n'kuuza anthu amene adasuntha zikhomo za alangizi."

A Silvester adaseka, koma kusekako kudatuluka kowonda. "Zikhomo ziti? Inu aNgozo, nkhani ya tili anyamata? Anthu adaiwala kalekale."

"Pobwera kuno tcheni chagwera pati?"

"Chagwera pa Red..." A Silvester adameza mawu otsalawo.

"Mwaona mmene anthu adaiwalira."

"Ine ndine mkulu wa mpingo. Sindingaime pamsewu n'kumakuwa ngati wamisala."

"Ndiye Loweruka mkwatibwi akakankhe. Velo amange m'chiuno."

A Silvester adatukwana m'chizulu cha ku Joni n'kutembenuza njinga. Njinga ya batire ndi yolemera ngati thole, ndipo a Redson adaima pamsewu kuonerera mpaka munthu ndi bondo lake adazimiririka. Atafika kunyumba adadya n'kupempha zowonjezera. Emma adafunsa ngati akudwala.

Lachisanu m'mawa mantha adawagwira. Bwanji Silvester akabwereka galimoto? Bwanji akapeza wina wodziwa za munsi? Ndiye kuti pemphero la zaka zonsezi layankhidwa, iwo n'kulilola kudutsa ngati basi yodzaza. Adatsitsa zikhomo zitatu zija kudenga, zili bii ndi mwaye, adatenga chingwe, masipanala ndi mtengo wa bulugamu, n'kukakhala pachigwembe kuyambira m'mawa. Amayi a kachewere adafunsa ngati shedi yagwa. Iwo adati akuwothera dzuwa.

Dzuwa litapendeka adaona anthu awiri akubwera. Patsogolo mayi wojintcha atamanga chitenje cholimba, pambuyo a Silvester ndi njinga. Mayiyo adali Lufina, azakhali a mkwatibwi, amene zophika zonse za ukwati zidali m'manja mwawo. Julius wa lole adawasiya kalekale ndi ana anayi, n'kukakwatira ku Manjawira.

"ANgozo," adayamba a Lufina osapereka n'komwe moni, "mwana akulira kuyambira dzulo. Anzake onse adamva za njinga, galimoto tidaikana pamaso pa mpingo. Achimwenewa akuti mwakana kukonza chifukwa cha nsanje. Nsanje yanji pa ukalamba uno?"

"Sindidakane, NaNzunga. Ndangopempha kuti anene mawu ochepa."

"Mawu anji?"

"Afunseni za izi." A Redson adaponya zikhomo zitatu pansi. "Ndi za alangizi, za m'munda uwu."

A Lufina adayang'ana zikhomo, adayang'ana chigwembe, kenako adayang'ana mlongo wawo. A Silvester adali kuwerenga zolembedwa pabatire ngati ndi kalata ya kwa Akorinto.

"Achimwene, Lamulungu lija mudati mutu ukukupwetekani, simudapite kutchalitchi."

"Mlongo, zakale izi..."

"Ndidakuphikirani phala ine, n'kukusiyirani kumutu kwa mphasa. Titabwerako phala lili lozizira, jombo zili mbuu ndi dothi la kumunda." Mawu awo adatsika, ndipo amayi a kachewere adasiya kuunjika milu. "Mudandisinthanitsa ndi mpando wa m'lole?"

A Silvester adangopitiriza kuwerenga batire.

"Kwerani apo," adatero a Lufina, akuloza chulu cha m'mphepete mwa chigwembe. "Kwerani, ndisanavule chitenje n'kumanga kabudula."

Munthu wamkulu adakwera chulu ndi bondo lake lakufa. Akabaza adaimika njinga. Ochokera kuchigayo adatula ufa pansi.

"Zikhomo zija," adayamba a Silvester, "zidasunthidwa."

"Ndi mphepo?" adafunsa a Redson.

"Ndidasuntha ndine."

"Chigayo chikusokosera, aNzunga. Khutu langali nalo limamvera ku Mozambiki."

"Ndidasuntha ndine! Ine Silvester! Redson adalima motsata zikhomo, diso lake lidalibe mlandu!"

Pagulupo padali mayi wokalamba, yemwe uja adafunsa za diso liti. Adangoti "Ha!" n'kuphimba kumaso ndi chitenje. Kwa zaka zonsezi a Redson ankaganiza kuti tsikuli likadzafika mwina adzalira, mwina adzakhululuka. Sadachite chilichonse mwa ziwirizi. Zidangowakomera, ngati nyama yamafuta.

"Tsikani mudzagwire chingwe. Zogwira chingwe mumazidziwa," adatero a Redson.

Adachotsa gudumu lakumbuyo. Adamanga chingwe kunsonga ya mwendo wakumanja wa felemu, adachizunguliza pakhosi pa njinga, n'kuchibweza kunsonga ya mwendo wakumanzere, a Silvester atagwira. Kenako adatenga chikhomo chimodzi n'kuchilowetsa pakati pa chingwe ndi paipi ya chishalo. Kumanzere chidalowa n'kutsala malo. Kumanja chidakana.

"Mwaona, anthuni? Mbali zonse zimayenera kufanana. Iyi ndi ntchito ya munsi. Adakanula ndani?"

"Ndine," adatero a Silvester, amene kuvomera adali atayamba kukuzolowera.

"Dzanja lomwelo," adatero a Redson.

Adagoneka njinga n'kulowetsa mtengo wa bulugamu. Adakankhira mwendo wakumanzere mkati pang'ono, adakokera wakumanja kunja pang'ono, adayeza ndi chikhomo, adabwerezanso, mpaka chikhomo chidalowa mofanana uku ndi uku. Adamasula chimbale cha mano cha pamota n'kuchitembenuza kuti mano asendere mkati. Adabwezera gudumu, washala imodzi ataichotsa kumanja n'kuiika kumanzere, kenako adakoka masipoko kuti limu ikhale pakati. Nthawi yonseyi a Silvester adali chigwadire pa bondo labwino, akupereka sipanala akauzidwa. Ntchito ya ola limodzi idatenga maola awiri ndi theka, poti a Redson akamanga nati imodzi ankaima kaye kufotokozera obwera kumene zimene aphonya. Ena amene sadamvetse bwino ankauzidwa kuti afunse mwini wake, ali pomwepa.

Pomaliza adagwada kumbuyo n'kutsinzina diso labwino. Tcheni chidali chitagona chowongoka kuchokera pamano akumbuyo mpaka akutsogolo.

"Kwerani muyese. Nyamulani mlongo wanu, akuposa mkwatibwi kulemera."

"Ine pa njinga ya ameneyu? Ndidakwezedwa kale kamodzi, zakwana," adatero a Lufina.

Adamangirira matumba awiri a kachewere m'malo mwawo, ndipo njinga idakwera chitunda chonse osatsokomola. A Lufina adatola chikhomo chimodzi n'kuchipukuta mwaye. "Ichi ndatenga. Ukwati ukatha ndili nacho ntchito kunyumba kwa achimwene."

"Tengani ziwiri," adatero a Redson.

Nkhani idawatsogolera kunyumba. Adapeza Emma atakhala pakhonde akusenda nyemba. "Ndamva kuti mwayeretsedwa. Ndiye ndilongedze, NaNzunga abwere?"

"Mayi a Mayamiko, ine ndimafuna dzina langa, osati chilamu ndi Silvester. Ku chimenecho Ambuye adandipulumutsa."

Loweruka Tisunge adakwera chitunda velo likuuluka, tcheni sichidagwe, amayi akulululutira. A Redson ku ukwatiko sadapite. Adangoima m'mbali mwa msewu pachigwembe atavala chipewa chawo cha pa Sabata, ndipo adachivula mwaulemu pamene njinga imadutsa. Akabaza ndiwo adakuwa: "Gwirani zikhomo, akudutsa!" Bambo a mkwatibwi adayang'ana kutsogolo kokha, khosi lili gwa.

Dzina la malo silichoka tsiku limodzi. Sabata yoyamba anthu ankati pa Redson, n'kudzigwira pakamwa. A Redson adathandizako pang'ono: wakabaza aliyense wonena kuti pa Silvester ankamukonzera njinga osadikira pamzere, ndipo woiwala ankakhala pa benchi mpaka akumbuke. A Silvester nawo njira yopita kutchalitchi ndi imodzi yomweyo, ndipo njinga yawo siipereka chifukwa choti azembere kwina, poti tcheni mpaka lero sichidagwenso.

Miyezi iwiri itadutsa, a Redson ankachokera ku boma kokagula masipoko, atakwera minibasi. Kondakitala wake adali mlendo wa ku Balaka, munthu wosadziwa Redson kapena Silvester. Atadutsa pachigayo adamenya denga n'kukuwa: "Otsika pa Silvester!"

A Redson sadali otsika pamenepo, kwawo n'kumtunda. Koma adaweramira kutsogolo.

"Mwati pati, achimwene?"

"Pa Chigwembe cha Silvester, madala. Mukutsika?"

"Nditsika," adatero a Redson.

Adatsika, adaika masipoko paphewa, n'kukwera chitunda chonse wapansi, akuimba mluzu.